Manambala a Mvula Imene Sinagwe

Kwa a Petro Zuze, m'dera la mfumu yaikulu Kanduku, kunali pakhomo pabwino. Sanali olemera. Anali ndi mbuzi zisanu ndi zinayi, mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba, ndi munda wa pachitunda umene unkawadyetsa chaka ndi chaka. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankapemphera ndi akazi awo a Esinati ndi ana awo awiri aamuna. Wamkulu, Timoti, anasiyira sukulu Folomu 2 n'kuyamba kabaza pa Thambani, chifukwa fizi ya anthu awiri sinkatheka. Wamng'ono, Malcolm, ndiye anali ndi mutu wa masamu, ndipo anakafika ku yunivesite.

Malcolm ali m'chaka chake chomaliza, boma linapereka ndalama ku yunivesiteko zochitira kafukufuku wa sayansi ya zamlengalenga. Ankafuna kuona ngati masetilaiti, makina aja amazungulira dziko kumwamba n'kumajambula, angathandize kuuza mlimi sabata yoyenera kubzala. Mphunzitsi wotsogolera ntchitoyi, mai Saiti, anasankha ophunzira asanu ndi mmodzi, aliyense kukagwira kwawo. Malcolm anapatsidwa Mwanza.

Anamupatsa njinga yamoto, foni, ndalama ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndi chitsulo chozika pansi choyezera chinyontho. Anamupatsanso zoyezera mvula zisanu, zokhala ngati mabotolo aatali, zimene anazimangirira pamitengo m'midzi isanu ya pakati pa kwawo ndi Thambani. Ntchito yake inali yozungulira midziyo m'mawa uliwonse, kuwerenga mvula, kuyeza nthaka, n'kutumiza manambala.

"Setilaiti imaona mitambo ndi pamwamba pa nthaka, koma sigwira dothi," anatero mai Saiti pomutsanzika. "Manambala ako ndi amene azitiuza ngati ikuona zoona. Tsiku limene walephera kupita, lemba kuti sunapite. Usalembe zoganiza."

A Petro anasangalala ngati digiriyo ndi yawo. Iwo anali mkulu wa mpingo, munthu woti akanena chinthu anthu sankafunsa kawiri. Anayenda khomo ndi khomo mpaka analembetsa mabanja makumi atatu ndi awiri kuti azilandira uthenga wa nthawi yobzala pa foni. Kulikonse ankanena zomwezo, kuti woyezayo ndi mwana wawo, ndipo mwana wawo sanama.

Miyezi iwiri yoyamba Malcolm anagwira bwino. Kenako tsiku lina masana, akuthira mafuta pafupi ndi malire a dziko la Mozambique, anakumana ndi Kinsley, mnzake wa ku sekondale amene tsopano ankathandiza madalaivala a mathiraki mapepala a kasitomu. Kinsley anamuyang'ana fumbi la m'tsitsi n'kuseka.

"A Pulofesa, zaka zonsezi ku yunivesite, ndiye akupatsani ntchito yowerenga madontho a mvula m'botolo? Tabwerani muziziritse kukhosi. Wa boma ndani adzakwera mapiri a kwa Kanduku kudzaona ngati munafikadi? Yang'anani kumwamba, lembani kanthu. Aliyense amatero."

Malcolm anakana, koma anakhala pansi. Botolo loyamba analipira Kinsley. Otsatirawo analipira ndalama ya mafuta.

Sabata yotsatira anazungulira midzi itatu, ina iwiriyo anailembera manambala atakhala pa benchi ya pa bala kumalire kuja. Palibe anamufunsa kanthu. Sabata inayo sanapiteko kulikonse. M'mawa ankaliza njinga pakhomo, kutsanzika makolo, n'kukhotera kumalire, kumene osintha ndalama anali atayamba kumutchula kuti bwana wa kumwamba. Dzinalo linkamukomera. Ndalama ya mafuta itatha mwezi usanafike pakati, Kinsley anabweretsa munthu wa ku Zobwe woyang'anira munda waukulu, ndipo chitsulo choyezera chinyontho chinagulitsidwa n'kuwoloka malire chili m'thumba la ufa.

Machenjezo analipo. A Esinati anamva fungo pa malaya ake pochapa ndipo anamuuza kuti fungo limenelo si la petulo. Iye anayankha kuti ndi mankhwala opukutira makina. Timoti anamupeza pa benchi paja atanyamula pasinjala wopita kumalire. Anamuitanira pambali n'kumukumbutsa kuti iye amapalasa njinga padzuwa kuti wina akhale m'kalasi, osati m'bala.

"Achimwene, zinthu izi n'za sayansi," anatero Malcolm anzake akumva. "Inu mumadziwa za tcheni ndi mabuleki. Khalani pomwepo."

Anthu a pa benchi anaseka. Ambiri a iwo anali a m'midzi yomweyo, ena ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Petro. Ankamuona tsiku ndi tsiku. Palibe ndi mmodzi yemwe anakwera chitunda kukauza bambo ake, chifukwa mowa wa mwana wa eni unali kukoma.

Mu Novembala kumalire kunagwa mvula yamphamvu masiku atatu otsatizana. Malcolm anaimvera pansi pa malata a bala, madzi akuyenda mumsewu, mathiraki ataima mzere. Masiku amenewo sanabwerere n'komwe kumudzi, ankakhala kwa Kinsley. Anatenga foni n'kulembera midzi yonse isanu mvula yochuluka ndi chinyontho chakuya. Mwana wobadwira kwa Kanduku amadziwa kuti mvula ya kumalire si mvula ya kwawo, kuti imatha kugwa mbali imodzi ya phiri mbali inayo kuli fumbi. Malcolm ankadziwa zimenezo. Koma kuti akaone kunafunika mafuta, ndipo mafuta anali atawamwa.

Ku yunivesite anaphatikiza manambala ake ndi zithunzi za setilaiti. Zithunzizo zinali zitaphimbidwa ndi mitambo, choncho anakhulupirira za munthu amene anali pansi. Lachisanu mafoni a mabanja aja analira: nthaka yanu ili ndi chinyontho chokwanira, bzalani sabata ino.

Loweruka m'mawa Malcolm anabwerera kwawo. Atangodutsa phiri anaona kuti matayala akuutsa fumbi. Anawapeza bambo ake atanjuta m'munda, dzanja lili m'dothi. A Petro moyo wawo wonse sankabzala mpaka dzanja lonse litalowa m'dothi lonyowa. Tsiku limenelo chinyontho chinkathera pa mfundo yachiwiri ya chala.

"Uthenga wako wafika, mwana wanga," anatero. "Koma taona dothili. Ichi n'chizimalupsa, kamvula kongozimitsa phulusa la tchire. Ine sindinabzalirepo chizimalupsa. Anthu abwera m'mawa uno kudzandifunsa. Manambala aja unayeza iwe mwini?"

Panali potulukira pamenepo. Akanangonena kuti ayi, mbewu zonse zikanakhala m'matumba. Koma anaganiza za chitsulo chimene chinali ku Mozambique, za mai Saiti, za gauni imene amayenera kuvala m'miyezi yochepa. Anayang'ana nsapato zake.

"Ndinayeza, bambo. Chinyontho chili pansi. Makina amaona kumene dzanja lanu silifika."

A Petro anayang'ananso dothi lija nthawi yaitali. Kenako anapukuta dzanja pa buluku. "Ngati wanena iwe, tibzala."

Lamulungu atatha mapemphero anauza anthu kuti iwo abzala Lolemba. Mabanja onse anawatsatira. A Rozina, mai wamasiye wa ana anayi, anali atagulitsa nandolo wawo yense kuti agule mbewu ya m'sitolo ndi theka la thumba la feteleza. Anabzala zonse tsiku limodzi.

Malcolm anathandiza bambo ake kuponya mbewu m'mapando. Phando lililonse ankapemphera chamumtima kuti mvula igwe imubise. Chimanga chinamera pa kachinyontho kaja, chinatulutsa masamba awiri, kenako kumwamba kunayera. Dzuwa linawala masiku makumi awiri ndi anayi. Mmera unapota masamba, unasanduka wotuwa, n'kuuma. Mbewu zimene sizinamere zinadyedwa ndi chiswe ndi mbewa.

Sabata yachitatu ya ng'ambayo a Petro anatuluka m'mawa osanena kumene akupita. Anabwera dzuwa lili pamutu, mapazi oyera ndi fumbi, n'kumupeza Malcolm pansi pa mtengo wa manachesi.

"Ndayendera mabotolo ako onse asanu," anatero motsitsa. "La kuseri kwa tchalitchi muli ukonde wa kangaude. La kwa a Rozina ana analichotsa mu Seputembala, akutungira madzi pa mjigo. Iwe wakhala ukuwerenga chiyani?"

Bambo ake sanamukalipire. Akanamumenya ndi mpini zikanakhala bwino. Anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Mawa lake anthu anadzaza pabwalo. Ena mwa olankhula mokweza anali omwe aja a pa benchi. Ankafuna Malcolm atuluke afotokoze za makina ake. Iye anali kuseri kwa chitseko, atagwira kogwirira. Anamva bambo ake akuimirira n'kunena kuti mwanayo amusiye, wolakwa ndi iwo. Iwo ndi amene anagwira dothi n'kuona kuti silinakwane, iwo ndi amene analengeza ku tchalitchi, ndipo iwo ndi amene abweze mbewu za anthu. Malcolm anamva zonsezo. Chitseko sanatsegule.

A Petro anagulitsa mbuzi zisanu ndi zitatu pa msika wa Thambani n'kugula mbewu. Sinali yokwana, koma anaigawa m'timapepala n'kuyamba kuiyendetsa okha khomo ndi khomo, akupepesa. Malcolm anawapempha kuti awanyamule pa njinga yamoto. Anakana, anati njinga imeneyo ndi ya ntchito ya boma ndipo yayenda kale maulendo okwanira osakhala ake. Anali munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodwala BP, ndipo kunkatentha. Tsiku lachisanu anagwa pa njira ya kumjigo, timapepala titatu tili m'manja. Timoti anawathamangitsira ku chipatala chaching'ono, kumeneko anawatumiza ku boma, ndipo anamwalira pa pikapu asanafike.

Pa maliro panadzaza anthu. Mbuzi yotsala ija inaphedwa, ndipo anaidya. Kinsley anabwera atavala magalasi akuda, anapereka moni wachisoni, n'kufunsa Malcolm chakukhutu ngati njinga ingabwerekeke Lachinayi. Akuluakulu ena ankanong'onezana kuti iwo ankaona kale kuti mnyamatayu walowerera. Ankaona. Anthu amenewa alipo mpaka lero, ndi onenepa, ndipo Lamulungu amakhala mipando ya kutsogolo.

Patapita masabata awiri mai Saiti anafika ndi galimoto ya yunivesite. Anapepesa kwa a Esinati, kenako anakhala ndi Malcolm pa khonde n'kumuonetsa zithunzi zatsopano za setilaiti, dera lonse lili lofiira ngati njerwa, pambali pake manambala ake onena za mvula yambiri. Anamufunsa za chitsulo choyezera chinyontho. Ulendo uno ananena zoona, zonse, kuyambira botolo loyamba.

Mai Saiti anamuuza kuti manambala ake anali atasakanizidwa kale ndi a madera ena pokonza njira yonse yowerengera, choncho ntchito ya chaka chathunthu yaonongeka. Iwo sakanabisa zimenezo mu lipoti lopita kwa opereka ndalama, ndipo ndalama za chaka chachiwiri zinali zitaimitsidwa. Anzake asanu aja, amene anakwera mapiri a kwawo m'mawa uliwonse, anatsala opanda chomalizira kafukufuku wawo.

"Zinatitengera zaka zisanu ndi ziwiri kuti boma livomere kuti dziko losauka lingaike ndalama pa za kumwamba," anatero. "Ndinkawauza kuti zidzathandiza mlimi. Tsopano ndikawauze chiyani?"

Anakweza njinga pa galimoto. Kalata yomuchotsa sukulu inabwera mu Januwale.

Lamulungu lotsatira Malcolm anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Ananena kuti bambo ake sanalakwe chilichonse kupatula kumukhulupirira. Ananena za benchi, za chitsulo, za manambala, ndi za tsiku limene anaima kuseri kwa chitseko. Ena anaweramitsa mitu, makamaka a mipando ya kutsogolo. Timoti anayang'ana khoma. Abusa anayamba kunena za chikhululuko, koma a Rozina anaimirira kumbali ya azimayi asanamalize.

"Kulapa kwako ndakumva, mwana wa a Zuze," anatero. "Koma ana anga sadya kulapa. Mawa ubwere ndi khasu. Chimanga chachedwa, tikaika mbatata."

Anapita. Chaka chimenecho analima minda isanu ndi iwiri ya anthu ena osalandira kanthu, manja ophunzira aja akutuluka matuza mpaka analimba. Njala inalowabe m'mudzimo. Ana a a Rozina anatha Febuluwale akudya kamodzi pa tsiku, ndipo Malcolm ankawaona pamene ankapalira. Mai ake anamukhululukira, amamuikira madzi osamba. Timoti amadya naye mbale imodzi, koma sanayambe kumuyang'ana m'maso.

Iwe wa pa sukulu, mvetsa. Ukapatsidwa ntchito imene palibe akukuona, anthu ena aika chakudya chawo pa mawu ako. Ulesi unabala mowa, mowa unabala kuba, kuba kunabala bodza, ndipo bodzalo analipira ndi munthu amene sanamweko ngakhale dontho. Ukalakwa, nena tsiku lomwelo, mbewu zisanalowe pansi. Mulungu amakhululuka, koma m'dziko lino sabweza amene waikidwa m'manda. Ndipo inu akuluakulu amene mumaona mwana wa mnzanu akugwa n'kumangomwa naye, musadzabwere pa maliro kudzanena kuti munkaona. Munkaona, ndipo mlandu umenewo mudzayankha.