Wina Watsala Pansi

Evaristo Lungu anachoka ku komboni ya Railways maminibasi atasiya kale kuyenda. Mnzake Mathias, woyendetsa lole, anali atavomera kuti tambala woyamba akalira adzanyamula amayi ake a Evaristo, akawatsitse penapake pa msewu wa ku Petauke. Kumudzi akafika okha, ngati angafike.

M'thumba la shati munali kalata ya kupolisi. Mayi Inonge, oyandikana nawo nyumba ku Kamushanga, ndiwo anakanena ku ofesi yothandiza anthu ozunzidwa kuti nkhalamba yatsekeredwa m'khola la nkhuku masiku asanu ndi anayi. Kalatayo inkati kutsekera munthu ndi mlandu, kumutchula mfiti ndi mlandunso, ndipo Evaristo akaonekere m'mawa pamodzi ndi amayi akewo. Iye anaona kuti chapafupi n'kuchotsa mboni.

Sanabadwe wankhanza, ayi. Mgodi utatsekedwa anakhala zaka ziwiri akupalasa milu ya miyala ya mtovu, kenako mwana wake wamng'ono anadwala n'kumwalira. Sing'anga analoza agogo ake a mwanayo. Fumbi la mgodi sungalitsekere ndi loko, koma nkhalamba yotupa miyendo ungaitsekere. Munthu mtima ukamuwawa amamenya chimene chili pafupi, ndipo Evaristo anamenya amene anamuyamwitsa.

Anadzera njira yachidule, ya pa nyumba ina yosiyidwa imene anthu anaizula malata. Mphepo ya Juni inkaluma makutu. Agalu amene ankauwa kutali anangoti zii.

Patsogolo panaoneka kuwala kofiirira. Kunali kuyenda pang'onopang'ono, pa msinkhu wa mutu wa munthu.

Nyali ya pachipewa cha mumgodi!

Evaristo anaima. Nyali zimenezo zonse zinabwezedwa tsiku lotseka, ndipo yake anaibweza ndi manja ake.

Pansi pa nyaliyo panali mdala woonda, wovala ovolosi yakale. Milomo yake inali yong'aluka ngati chidendene. Nsapato zinkaponda miyala, koma phokoso panalibe.

"Shifiti yasila, mwana wanga?" anafunsa mdalayo.

"Mugodi unavaliwa kudala, ba shikulu," anayankha Evaristo.

"Nanga pa bolodi mwapenda?"

Aliyense amene anagwirapo ntchito pansi ankaudziwa mwambo umenewu. Potsika umatenga kachitsulo ka nambala yako, potuluka umakapachika pa bolodi. Shifiti ikatha ankapenda, ndiko kuti kuwerenga tizitsuloto. Msomali umodzi ukakhala wopanda kachitsulo, palibe amene ankapita kukagona mpaka wotsalayo atapezeka.

"Ine n'nakhala pansi masiku khumi," anatero mdala uja, akuloza nyumba yopanda dengayo. "Kulibe anapenda."

Anagwira dzanja la Evaristo. Kuzizira kwake kunafika m'fupa. Anamufumbatitsa kanthu kolimba.

"Kwanu kuli msomali ulibe kanthu. Wina watsala pansi. Mawa ni tsiku la khumi..."

Nyali inazima.

Panalibe munthu. Panalibe mapazi. Udzu wokha unkagwedezeka.

Evaristo anathamanga. Anagwa m'ngalande, anadzuka, anathamanganso. Mantha ake sanalinso a mzukwa. Ankaopa chete amene akamupeze kuseri kwa nyumba yake.

Atafika pa khola lija, kiyi anakana kulowa m'loko. Anatola mwala n'kuphwanya. Fungo linamumenya kumaso. Anayatsa machesi.

Amayi ake anali gone pa thumba la chimanga, mbale youma ili pambali. Sanagwedezeke.

"Amama... amama!"

Chikope chimodzi chinatseguka.

Anawanyamula, ndipo kupepuka kwawo kunamuliza. Anawakhazika pakhonde, nawamwetsa madzi ndi supuni. Mayi Inonge anatulukira ndi nyali ndi bulangete, maso awo akumutukwana.

"Mawa mukuseni nizayenda neka ku polisi," anatero Evaristo. "Lole ikabwera muibweze."

Apo m'pamene anafumbatula dzanja lamanzere. Munali kachitsulo ka mkuwa, kobiriwira ndi dzimbiri, nambala yake 418.

Mayi Inonge anayandikiza nyali, nabwerera m'mbuyo.

"Ka ba Simeon aka," ananong'ona. "Bana bawo banabavalira mu nyumba ija ilibe malata ati ni mfwiti. Panalibe anayenda kukanena. Tinabashika ku manda zaka zitatu zapita, na kachitsulo aka mu thumba."

Evaristo anayang'ana amayi ake. Iwo sanadabwe konse. Anameza madzi movutika, nayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Enze kubwera usiku uliwonse," anatero nkhalambayo. "Agogoda pa malata, afunsa ngati nikali kupuma. Masiku onse aya, Evaristo, wakufa eka ndiye enze kunipenda."