Chingwe Choyezera Bokosi la Nsato

Ngatiman, kalipentala wa m'mudzimo, ankasesa utuchi madzulo pamene Poniran anatulukira ndi chingwe m'manja. Poniran anali munthu wofatsa, wodula zipatso za kanjedza ku esiteti, koma ankaweta nsato zofiira, zija zazifupi, zonenepa ngati ntchafu.

"Achimwene, mundikhomereko bokosi," anatero Poniran. "Kutalika kwake ndi chingwechi. Likhale lotsika, lamdima. Nsatozi sizikwera, zimafuna pothina ndi ponyowa. Pansi ndiyala ndekha makoko a kokonati."

Ngatiman analikhoma. Patapita masiku atatu, Rohana wogulitsa nsomba zouma anapezeka atafa pamkeka, nthiti zonse zili thyokethyoke, chitseko chili chokhoma. M'chipindamo munkanunkha matope a kudambo. Abale atabweretsa ndodo ya msinkhu wa malemu kuti adule matabwa a kumanda, Ngatiman anaona kuti ikufanana ndendende ndi chingwe chija. Anadziuza kuti zangochitika. Wamantha aliyense amayamba choncho.

Mwezi wotsatira Poniran anabweretsa chingwe china, Ngatiman n'kukhomanso bokosi. Anthu anayamba kunong'onezana za chinthu cholemera chimene chinkakhwekhwereza pansi pa nyumba, chikupuma ngati tayala lophulika. Kenako anafa Legimin wa njinga yamoto, nthiti chimodzimodzi. Ngatiman anayerekeza ndodo ya malemuyo ndi chingwe chachiwiri chija. Sinaphonye.

Chingwe chachitatu anachitola mkazi wake Sumiati. Anachiponda ndi chidendene, n'kuchikokera pamutu akuseka.

"Taonani bambo, njoka yofanana ndi ine! Muikhomere ndi pagalasi pomwe."

Mkazi ameneyu Ngatiman anamukonda zaka makumi awiri. Anathamangira kwa Poniran, amene anamupeza akusintha madzi m'beseni la nsato.

"Sindikhomanso."

"Palibe vuto, achimwene. Kungoti nsato yopanda nyumba imadzifunira yokha. Ndipo ikalowa pakhomo siwerenga kuti ndi angati."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Ndani? Ine ndikunena za bokosi."

Kukanena kwa anthu kunali kovuta. Amene anakhoma mabokosi awiri aja ndani? Ngatiman anaganiza nzeru yake yaukalipentala: anakhoma bokosilo, koma anawonjezera chikhatho chimodzi kuti msinkhu usakwane. Analiyeza katatu, mtima n'kukhalako pansi.

M'mawa Poniran anabwera, n'kutambasula chingwe pamwamba pa bokosi.

"Mwawonjezera."

"Thabwa linali lalitali," anayankha Ngatiman.

Poniran sanakwiye. Anamuyang'ana Ngatiman pang'onopang'ono, kuyambira kuzala zakumapazi mpaka kumutu, n'kuyang'ananso bokosi. Apo m'pamene Ngatiman anakumbukira kuti iyeyo amaposa mkazi wake ndi chikhatho chimodzi basi. Kukhitchini Sumiati ankapeta mpunga akuimba.

"Musadandaule, ndilitenga," anatero Poniran akulinyamula. "Ndili nayo ina yokulirapo, ilowa bwinobwino." Atafika pakhomo anatembenuka n'kusiya chingwe chija pabenchi. "Koma inzake ija ikadalibe pogona."