Kamtedza ndi Njere za Chisoso

Kamtedza anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Onse ankamutchula choncho chifukwa anali wamfupi. Anali ndi mng'ono wake. Mng'ono wakeyo ankamutchula kuti Nyuchi, chifukwa sankakhala pansi.

Kamtedza ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Amayi azimuyamikira kuposa Nyuchi.

Amayi anali namwino. Akaweruka ku ntchito, ankavula nsapato zoyera. Ankavala nsapato zakale. Kenako ankalowa m'kadimba ka kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina Loweruka, Amayi anakonza mabedi awiri.

"Bedi ili ndi la Kamtedza," anatero Amayi. "Bedi ili ndi la Nyuchi. Mubzale kaloti. Muzithirira. Muzizula udzu. Udzu umadya chakudya cha kaloti."

Kamtedza anabzala. Nyuchi anabzala. Kaloti anamera. Udzu nawonso unamera.

Akaweruka kusukulu, Nyuchi ankathamangira kudimba. Ankazula udzu umodzi umodzi. Kamtedza ankalumpha chingwe ndi anzake.

"Ndizula mawa," ankatero Kamtedza.

Mawa lake ankateronso, "Ndizula mawa."

Bedi la Nyuchi linakongola. Bedi la Kamtedza linadzaza udzu. Kaloti wake sankaoneka n'komwe.

Amayi anaima pabedi la Nyuchi. "Mwanayu ali ndi manja abwino," anatero.

Amayi ena oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda. "Nyuchi ndi mlimi weniweni," anatero.

Ababa anaima pabedi la Kamtedza. Anakanda mutu. "Umu mbuzi ikhoza kubisala osaipeza," anatero.

Nyuchi anaseka. Kamtedza sanaseke. Mtima wake unawawa.

"Nyuchi, Nyuchi, Nyuchi," anadandaula chamumtima. "Tsiku lililonse Nyuchi. Chonsecho wamkulu ndine."

Nsanje inamugwira. Anadya nayo. Anapita nayo kusukulu. Anabwera nayo kunyumba.

Masana ena, Nyuchi anapita ndi Ababa kukameta tsitsi. Kamtedza anatsala yekha. Analowa m'dimba. Anayang'ana bedi lake. Anayang'ana bedi la Nyuchi. Mtima unawawanso.

M'mbali mwa mpanda munali chisoso chouma. Chisoso ndi chomera chofala msanga. Njere zake ndi zakuda. Ndi zosongoka ngati tisingano.

Kamtedza anapulula njere zodzaza dzanja. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anamwaza njerezo pabedi la Nyuchi. Anathirira madzi kuti zilowe m'dothi.

Ankaganiza kuti asangalala. Koma sanasangalale.

Amayi anafika kuchokera ku ntchito. Kamtedza anawalandira chikwama. Amayi anayang'ana diresi lake. Padiresi panali njere. Pamasokosi panali njere. Ngakhale pajuzi panali njere. Njere za chisoso zimamatirira.

Amayi anakhala pakhonde. Anayamba kumuchotsa njerezo imodzi imodzi.

"Chisoso chonsechi wachitenga kuti, mwanawe?" anafunsa Amayi.

Kamtedza anayang'ana pansi. Kenako misozi inatsika.

"Ndamwaza pabedi la Nyuchi," anatero.

"Chifukwa chiyani?"

"Inu mumangoyamikira Nyuchi. Ababa amandiseka. Ine palibe amandiona."

Amayi anamukhazika pamiyendo pawo.

"Ndimakuona, mwana wanga," anatero Amayi. "Ndikayamikira bedi la Nyuchi, sindiye kuti ndasiya kukukonda. Koma zimene wachitazi ndi zoipa. Umuuze wekha."

Nyuchi anabwera ndi Ababa. Kamtedza anamuuza zonse.

Nyuchi anatong'ola maso. "Achemwali, ndiye kuti kaloti wanga afa?" Anayamba kulira. "Sindikuyankhulaninso."

"Safa ayi," anatero Amayi. "Njerezo sitingazitole. Zalowa kale m'dothi. Koma zikamera, Kamtedza azizula."

Ababa anagwira Kamtedza paphewa. "Nanenso ndinalakwa kukuseka," anatero. "Pepa."

Panapita masiku asanu. Chisoso chinamera. Chinamera paliponse, pakati pa kaloti wa Nyuchi.

Lolemba, Kamtedza anazula chisoso. Lachiwiri, anazula chisoso. Lachitatu, anazulanso chisoso. Akazula apa, mawa chamera apo.

Anzake anamuitana pageti. "Kamtedza, bwera tidzalumphe chingwe."

"Ndibwera ndikamaliza," anayankha.

Msana unamupweteka. Zikhadabo zinada bii. Nyuchi ankangoyang'ana ali patali. Anali atapinda manja. Sankamuyankhula.

Lachinayi, Nyuchi anasendera pafupi.

"Ameneyo ndi kaloti wanga, mwamuzulayo," anatero. "Chisoso ndi ichi, cha masamba aakulu."

"Pepa," anatero Kamtedza. Anabwezera kalotiyo m'dothi bwinobwino.

Nyuchi anaima kanthawi. Kenako anapita pabedi la Kamtedza. Anagwira udzu wautali. Anakoka. Udzu unakana. Anakokanso. Udzu unakanabe.

"Achemwali, bwerani. Uwu wandikanika."

Kamtedza anagwira. Nyuchi anagwira. Anakoka onse awiri. Anakoka mwamphamvu. Udzu unazuka ndi mizu yomwe. Onse awiri anagwa chagada, miyendo m'mwamba. Dothi linawathira kumaso.

Nyuchi anayamba kuseka. Kamtedza nayenso anaseka.

Pansi pa udzuwo panali kaloti. Anali woonda, koma anali moyo.

Kuyambira tsiku limenelo, ankazula limodzi. Ankayamba bedi la Nyuchi. Ankamaliza bedi la Kamtedza. Akamaliza, ankakalumpha chingwe.

Madzulo ena Amayi analowa m'dimba. Anaima pabedi la Kamtedza.

"Kamtedza, wagwira ntchito," anatero. "Kaloti wako wapuma tsopano."

Kamtedza anamwetulira. Anabisa nkhope m'manja.

Masabata anapita. Tsiku lokolola linafika. Amayi anabweretsa beseni. Ababa anabweretsa kakhasu.

Nyuchi anazula kaloti wake. Anali wautali. Anali woongoka. Kamtedza anazula wake. Anali wamfupi. Mtima unayambanso kuwawa pang'ono. Koma Kamtedza anati, "Wako ndi wokongola, Nyuchi."

Kenako anazula wina. Ameneyu anali wachilendo. Anali ndi miyendo iwiri.

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ababa ananyamula kalotiyo m'mwamba.

"Bamboyu akufunika thalauza," anatero Ababa.

Onse ankayang'ana kaloti wa Kamtedza. Nyuchi anayang'ana m'beseni. Anatembenuza kaloti wake yense. Panalibe wa miyendo ngakhale mmodzi. Anatupitsa masaya.

"Ine wanga alibe miyendo," anatero motsitsa mawu.

Kamtedza anamuyang'ana. Ankadziwa mmene zimawawira.

Anapita pampopi. Anatsuka kaloti uja. Anamuthyola pakati. Mwendo umodzi anapatsa Nyuchi. Mwendo wina anatenga yekha.

Anakhala pakhonde onse anayi. Kamtedza analuma. Nyuchi analuma. Kaloti anali wotsekemera.

"Nanga ife?" anafunsa Ababa.

Nyuchi anatenga kaloti wamkulu m'beseni. Anawapatsa ndi manja awiri.

"Inu mudye wopanda miyendo, Ababa," anatero. "Ameneyu sangathawe."