Limba Linatsika Lokha

Banja la a Chikomo ku Mutare linali lopemphera. M'nyumba yawo ya pamwamba munali limba lalikulu, ndipo mwana wawo woyamba, Ruvimbo, ndiye ankaliimba pa mapemphero. Koma atafika folomu 4 anayamba chibwenzi ndi Tichaona, kondakitala wa minibasi. Bambo ake anamuuza mnyamatayo kuti asadzapondenso pakhomopo.

Tsiku limene banjali linkasamukira ku nyumba ina, makolo anatsogola ndi katundu wina, n'kumusiya Ruvimbo pakhomo.

"Uwaimbire anthu onyamula malimba aja," anatero amayi ake. "Ali ndi malamba ndi kangolo kake. M'kati mwa limbamu muli chitsulo chokhachokha, si bedi ili. Ndipo Munashe asachoke m'maso mwako."

Munashe, mlongo wake wa Ruvimbo, anali atangoyamba kumene kuthamanga.

"Ndawaimbira kale, amayi."

Linali bodza. Iye anaimbira Tichaona, poona kuti mpata wapezeka. Mnyamatayo anafika ndi anzake atatu, onse akununkha mowa.

"Alamu, kabokosi aka ndiye mukaitanire kampani?" anaseka mmodzi. "Ifetu timakweza mbuzi padenga la minibasi."

"Amayi anati pamafunika malamba," anatero Ruvimbo.

"Amayi, amayi. Ukadali kuyamwa kodi?" anatero Tichaona. "Asiye anyamatawa agwire ntchito. Tiye undionetse chipinda chako, mdala kulibe."

Ruvimbo anamukhazika Munashe pansi, n'kumupatsa nthochi, n'kulowa m'chipinda ndi Tichaona, n'kutseka chitseko.

Sipanapite nthawi, anamva mawu pa masitepe.

"Gwira bwino, iwe. Gwira, likundipulumuka!"

Kenako chiphokoso, nsambo zonse za limba zikulira pamodzi, nyumba n'kunjenjemera. Kenako zii.

Ruvimbo anatuluka. Pamene anamusiya mwana panali khoko la nthochi basi. Anaitana dzina lake, osayankhidwa. Anasuzumira pansi pa masitepe. Limba linali litagunda khoma pokhotera masitepe, ndipo pansi pake panatulukira kadzanja.

Anyamata aja anali atathawa kale. Tichaona anangosuzumira, n'kulumpha limbalo, osacheuka. Ruvimbo anakankha mpaka zikhadabo kuthyoka, limba osasuntha. Analikweza ndi jeke amakaniko a pagalaja yapafupi, atamva kukuwa kwake.

Munashe anapulumuka, koma phazi lakumanzere madokotala analidula.

Kuchipatala Ruvimbo anagwada, n'kuulula zonse. Bambo ake anangotembenukira kukhoma. Amayi ake sanamumenye.

"Mulungu amakhululuka, mwanangu, nanenso ndidzayesetsa," anatero. "Koma uyu akadzakula adzafunsa kuti phazi lake linapita kuti. Udzamuyankhe wekha."

Atsikana, mukanamiza makolo kuti mulowetse m'nyumba munthu amene anamukana, musaganize kuti tchimolo lidzagwera inu nokha. Kawirikawiri limaphwanya wamng'ono amene sanalakwe kanthu.