Kachilombo ka m'Madzi Oima

Tiwo anakumana ndi Kapambwe pa siteji ya minibasi ku Kalingalinga, mvula ikugwa. Mnyamatayo, wowotcherera zitsulo, anavula jekete yake yonunkha utsi n'kumufunditsa.

"Ukadwala iwe, bazagoneka ine mu chipatala," anatero. Tiwo anaseka, n'kumupatsa nambala.

Mauthenga a Kapambwe sankatha. "Switi wanga, wadya?" "Kulibe winangu, ni iwe chabe mpaka kumanda!"

Kenaka tsoka linagwa. Kapambwe anathyoka mwendo, fupa n'kutulukira kunja. Anati wagwa kuchokera padenga la sitolo ku Mtendere, pomwe ankamangirira chikwangwani.

Madokotala analumikiza fupalo ndi zitsulo zoboola mnofu. Tiwo anasiya ntchito yake yoluka tsitsi kuti azimusambitsa ndi kumudyetsa. Koma bala silinkapola. Mafinya ankangotuluka, thupi likutentha, mankhwala osagwira. Nanga wodwalayo ankathandiza? Phala lazizira! Pilo walimba! Mapilisi akuwawa!

"Ba Kapambwe, muzanipengesa!" ankakuwa Tiwo. "Mezani chabe, simuli mwana!"

Fupalo linayamba kuwola. Madokotala atalipala kachiwiri, dokotala wina wamkazi anabwera ndi zotsatira za zoyeza.

"Tapeza kachilombo kosowa kwambiri m'fupamu. Kamakhala m'madzi oima ndi m'matope. Mankhwala tisintha, koma mundiuze zoona kuti tidziwe zina zoyeza. Bala ili linaviikidwa m'madzi otani?"

"Banagwela pa simenti youma, ba dokota," anayankha Tiwo.

"Sizingatheke, mayi. Bambo, mukabisa, mwendowu tingathe kuudula."

Kapambwe anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana mwendo wake.

"Kwenze ku Kanyama," ananong'ona. "Mu manzi ya mvula, kumbuyo kwa mpanda."

"Ku Kanyama? Mwenze kufuna chani pa mpanda wa bene?" anafunsa Tiwo.

"Nenze kulumpha... Bamuna ba Justina banabwela mosayembekezeka."

Justina! Mayi yemwe ankabwera kudzazonda ndi malalanje, n'kumati ndi msuweni wake? Yemwe Tiwo ankamusiyira mpando, iye n'kukhala pansi?

Misozi inalengeza, koma Tiwo anaimeza. Anatembenukira kwa dokotala.

"Mwendo uzapola?"

"Akalandira mankhwala a m'mitsempha kwa milungu ingapo, osadumphitsa, upola."

"Zikomo, ba dokota."

Tiwo anatenga beseni lake, thaulo ndi sopo. Bulangeti lake, lomwe Kapambwe anafunda, analikoka mwamphamvu n'kulipinda.

"Bebi, ni satana chabe!" analira Kapambwe. "Nikukonda, Mulungu ni mboni! Manje ukayenda, nindani azanipeleka ku bafa?"

Tiwo anaima pakhomo, beseni lili m'khwapa. Odwala ena onse m'chipindamo anali atadzutsa mitu.

"Mpanda munalumpha mweka, ba Kapambwe. Ku bafa ni pafupi."