Kambale ka Kadontho

Mtembo wa Pulofesa unapezeka Lolemba m'mawa m'kachipinda ka kumapeto kwa labotale, uli chafufumimba pakati pa tebulo lachitsulo ndi kabati yofunda yosungiramo maselo. Anaupeza ndi mayi wokolopa. Pamene Inspekitala ankafika, mayiyo anali atakhala pamasitepe, ndowa yake itagubuduzika pambali.

Inspekitala anali munthu wa imvi, wosathamangira kulankhula. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kaye. M'chipindamo munkanunkha klorini, ndipo botolo lake linali patebulo, losatseka.

"Bala ndi limodzi lokha, kunkhongo," anatero dokotala wa apolisi, atagwada pambali pa mtembo. "Anawamenya kuchokera kumbuyo. Amwalira dzulo, mwina chakumasana."

"Anawamenya ndi chiyani?"

Dokotalayo analoza pansi pa sinki. Panali sipanala yaikulu yomangira masilinda a mpweya, kumutu kwake kuli magazi ouma.

Sajeni anafika kuchokera mu ofesi ya malemu. "Bwana, foni ilipo, kompyuta ilipo, galimoto lili panja. Chitseko sichinathyoledwe. Ngati anali wakuba, ndiye kuti ntchito yake sakuidziwa."

"Pabanja pawo pali ndani?"

"Akazi awo okha. Ana alibe."

Anapita kukawauza m'mawa womwewo. Mkazi wa Pulofesa anali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, mayi wochepa thupi, wa maso otupa. Atamva uthengawo sanakuwe. Anangokhala pansi n'kugwira m'mphepete mwa mpando.

"Simunadabwe kuti sanabwere kunyumba?" anafunsa Inspekitala.

"Amagona konko nthawi zambiri. Ndinazolowera."

"Mukudziwapo aliyense amene ankadana nawo kuntchito?"

"Za kuntchito kwawo sindizidziwa, bambo. Sindinapondeko n'komwe phazi."

Kuntchitoko, dzina la munthu mmodzi linali pakamwa pa aliyense. Wachiwiri kwa Pulofesa, amene anzake ankamutcha Mayi a Nsomba chifukwa ndiye ankasamalira matanki a tinsomba tofufuzira, anakangana ndi malemu Lachisanu. Anthu anamumva akukuwa kuti, "Mukatero ndiye kuti mwapha zonse!" Ndipo mpando wa Pulofesa tsopano ukanakhala wake.

Masana anamuitanira kupolisi. Analowa m'chipinda chofunsiramo mafunso atavalabe gauni yoyera ya kuntchito.

"Dzulo masana munali kuti, mayi?"

"Kuchipatala. Bambo anga anathyoka chiuno. Funsani anamwino, ndinakangana nawonso."

"Mumakonda kukangana."

"Ndimakonda zinthu zichitike bwino."

"Nanga Lachisanu munkalimbirana chiyani?"

Mayi a Nsomba anapumira m'mwamba. "Kuti mumvetse, ndiyambe ndakuuzani ntchito yathu."

"Ndiuzeni ngati mukuuza mwana. Ine sayansi inandikana kalekale."

"M'selo lililonse la thupi lanu muli ulusi wa DNA, wautali kuposa msinkhu wanu. Paulusipo ndi pamene pali majini, malangizo opangira munthu. Kuti ulusi wautali choncho ukwane m'kaselo, umakulungidwa pa timibulu ta mapuloteni, ngati mmene telala amakulungira ulusi pa bobini. Ulusi wokulungidwawo timautcha kiromatini. Pamene wamangika kwambiri, jini imakhala chete. Pamene wamasuka, jini imagwira ntchito."

"Ndiye amamasula ndani?"

"Pali timaswitchi, tina tili kutali kwambiri ndi jini yake. Ulusi umapindika kuti switchi ikakhudze jiniyo. Palinso malire oletsa switchi kuyatsa jini ya eni. Mwana akamaumbika m'mimba, jini iliyonse iyenera kuyaka pamalo pake ndi panthawi yake: pano mutu, pano mtima, pano zala. Zimachitika chimodzimodzi mwa nkhuku, mwa chule, mwa nsomba. Ena mwa maswitchi amene anaumba dzanja lanuli amapezekanso m'nsomba, akuumba zipsepse. Ndi akalekale, tinatengera kwa makolo amodzi. N'chifukwa chake timaphunzira za munthu poyang'ana miluza ya nsomba."

Inspekitala anayang'ana chikhatho chake kanthawi. "Malirewo akagumuka?"

"Jini imakhala yabwinobwino, koma imayaka pamalo olakwika. Mwana amabadwa zala zitamatirirana, kapena mtima uli wobooka." Mawu ake anatsika. "Pulofesa anali ndi maselo a khanda lina lotero, limene linamwalira zaka zinayi zapitazo. Madokotala anayeza majini ake osapeza vuto. Iwo anakana kugonja. Mwezi wathawu tinapeza yankho. Kachidutswa ka malire kanasowa. Titachotsa malire omwewo m'nsomba, zipsepse zinatuluka zopindika. Makolo a khandalo onse awiri malire awo ali bwinobwino. Zinangochitika zokha."

"Ndiye munakangana chifukwa chopambana?"

"Lachisanu ndinawapeza akutaya maselo onse amene tinkasunga mozizira. Anati ntchito yatha. Ine ndinati maselo otero sapezekapezeka, angathandize ana ena. Anandiyankha kuti si anga. Kanatsala kambale kamodzi kokha ka maselowo m'kabati yofunda, ndipo anati akathira klorini Lamlungu."

"Khandalo linali la ndani?"

"Sananenepo. Magazi a makolo anabwera nawo okha, opanda mayina. Kambaleko sankalola munthu kukagwira. Ankabwera okha Lamlungu lililonse kudzasintha madzi ake."

Sajeni anaimba kuchipatala. Anamwino anamukumbukira bwino Mayi a Nsomba, ndipo analibe mawu abwino onena za iye, koma anatsimikiza kuti sanachoke pambali pa bambo ake tsiku lonse.

Lachiwiri m'mawa Inspekitala anabwerera ku labotale limodzi ndi mayiyo. Anamupempha kuti ayang'ane m'kachipindamo n'kunena chilichonse chimene sichinali m'malo mwake. Mayi a Nsomba anayang'ana patebulo, m'sinki ndi m'bini. Kenako anatsegula kabati yofunda, n'kuima chilili.

Pashelefu yapakati panali kambale kamodzi kapulasitiki, kovundikira bwino. Pachivundikiro panalembedwa ndi dzanja la Pulofesa kuti Kadontho.

"Izi sizoona," anatero.

"Chavuta n'chiyani?"

"Madzi odyetsera maselo amakhala ofiirira. Taonani awa, ayera mbee. Muli klorini. Maselowa anafa nthawi yomweyo. Kambale kotere timataya m'bini. Palibe munthu wa ntchito ino amene angakabwezere muno, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba."

"Pulofesa sakanatero?"

"Iwo ndiye ayi ndithu."

Inspekitala anawerama. Kambaleko kanaikidwa pakati penipeni, mosamala. Munthu amene anaponya sipanala pansi pa sinki, amene anasiya botolo losatseka, anapeza nthawi yovundikira kambaleko, kulumpha mtembo, kukaika pofunda ndi kutseka chitseko.

"Sajeni," anaitana chapansipansi, "mlonda amene tinalankhula naye dzulo ndi wa masiku a ntchito. Ndipezere wa Lamlungu."

Mlonda wa Lamlungu anamupeza kwawo akukonza njinga.

"Pulofesa analowa m'mawa pagalimoto, bwana, monga mwa masiku onse. Awiri."

"Awiri?"

"Iwo ndi madamu. Lamlungu lililonse amabwera limodzi. Madamu amandipatsa moni bwino kwambiri. Koma dzana anatuluka okha wapansi, osandiyang'ana. Ndinangoti mwina ayambana, za m'banja sitilowerera."

M'galimoto, Sajeni anayamba kulankhula mosangalala, koma ataona nkhope ya bwana wake anasiya.

Anafika kunyumbako chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Abale anali atapita kukakonza za bokosi. Mkazi wa Pulofesa anali yekha m'chipinda chochezera, akusita malaya oyera.

"Ndi oti avale," anatero, osafunsidwa.

Inspekitala anakhala pansi. Sajeni anatsalira pakhomo.

"Mayi, Kadontho anali ndani?"

Ayironi inaima. Mayiyo anaiimika bwinobwino, kenako anakhala pampando.

"Anabadwa wochepa kwambiri," anatero. "Namwino anati, kadontho ka munthu aka. Dzina linakhala lomwelo. Tizala take tinali togwirana ngati tavala sokosi. Anakhala nafe milungu itatu. Kamtima kake kanalephera."

"Munandiuza kuti simunapondeko phazi kuntchito kwa amuna anu."

"Ndinanama."

"Ndiuzeni zoona tsopano. Koma dziwani kuti zimene munene zikhoza kukafika kukhoti, ndipo muli ndi ufulu wodikira loya."

Anapukusa mutu. "Ndatopa, bambo. Mwana atamwalira, apongozi anga anati vuto ndi mimba yanga. Alamu anga ankanong'onezana kuti ndinamwa chinachake. Kwathu nakonso ankati ndi mankhwala a kuntchito kwa amuna anga. Ife awiri tinasiya kuyang'anana m'maso. Iwo anali atasunga kachidutswa ka khungu la mwana, ine nditavomera. Anandilonjeza kuti adzapeza chimene chinachitika, zivute zitani.

"Tsiku lina ananditenga kuti ndikaone. Anandikhazika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndinaona timaselo tataliitali, tonyezimira, titagwirana. Anati, ndi zamoyo izi, zikudya, zikukula. Ndinafunsa kuti, ndi iyeyo? Anati ayi, ndi maselo chabe. Koma ine ndinali nditamva kale zimene ndinkafuna kumva. Kumanda kuli mwala, bambo. Uku kunali kofunda. Anzanga Lamlungu ankapita kukaona ana awo kusukulu zogonera konko. Inenso ndinali ndi kopita."

"Nanga dzana?"

"Dzana anadzuka osangalala. M'galimoto anandigwira dzanja, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Titalowa anandikhazika pansi n'kuyamba kufotokoza za ulusi, za malire, za nsomba zawo. Kenako anati, mayi a Kadontho, sunalakwe iwe, sindinalakwe ine. Palibe anachita kanthu. Zinangochitika pamene ankaumbika." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka zinayi ndinkadikira mawu amenewo. Ndinalira, iwonso analira. Ndinkaona ngati tayambiranso."

Mayiyo anapitiriza.

"Kenako anati tsopano timusiye apume. Anati maselowo akalamba, sakugawikananso, ndipo ena onse anawataya kale. Anati ndikapitiriza kubwera kuno sindidzachira, ndipo iwo atopa kundiona ndikulankhula ndi mbale. Ndinawapempha. Ndinagwada pansi, ine. Ndinati ndipatseni Lamlungu limodzi lokha. Anati ndidzapemphanso lina. Ankanena zoona. Anati ndiyang'ane komaliza, ndinakana, poganiza kuti ndikakana adikira. Anatembenuka n'kutsegula botolo.

"Ndinaona madzi aja akusintha mtundu. Sipanala inali pamwamba pa silinda, pafupi ndi dzanja langa. Sindikukumbukira kuinyamula. Ndikukumbukira kulira kwake itagunda."

"Kenako munabwezera kambaleko m'kabati."

"Kunja kunkazizira," anatero, ngati akudabwa kuti funsolo likufunsidwa. "Ankandiuza nthawi zonse kuti asakhalitse panja."

"Amuna anu munawayang'ana?"

Apa m'pamene analira, kulira kopanda mawu. "Ndinawagwira pakhosi. Anali atapita kale. Ndinakhala nawo pansi pomwepo, ndikuwaitana. Munthu mmodzi yekha padziko pano amene anandiikira kumbuyo. Anataya zaka zake kuti anditsuke pamaso pa abale ake. Ankafuna akawauze sabata ino, ine ndili pomwepo. Tsopano apongozi anga adzati, tinkanena ife."

Inspekitala anali atamangapo anthu ambiri, ena akutukwana, ena akuseka. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi, ndikukumangani pa mlandu wakupha amuna anu. Tengani juzi, kumene tikupita kumazizira."

Sajeni anatulutsa unyolo. Inspekitala anamuyang'ana, ndipo iye anaubwezera m'thumba.

Mayiyo anaimirira n'kuyang'ana malaya aja. "Kwatsala mkono umodzi. Sankakonda makwinya. Kumaliro sindikakhalako, ndikudziwa. Mundilole ndimalize."

Inspekitala anakhalanso pansi. Mayiyo anayala mkono wa malayawo, anausalaza ndi chikhatho, n'kuyamba kusita kuchokera paphewa mpaka kumapeto. Atamaliza anamanga mabatani onse, anawapinda, n'kuwaika pampando pamene abale akanawaona msanga. Anazimitsa ayironi, n'kutsogola yekha kupita kugalimoto.