Choko pa Kadiresi ka Mwana

Mayi wina amene anzake ankamutcha Singano chifukwa cha kuonda ananyamuka mochedwa kunyumba kwa bwana wa mabelo, mwana kumbuyo, belo la kaunjika pamutu. Belolo linali lolowa mozemba, ndipo boma linali litalusa: wogwidwa nalo ankalandidwa katundu n'kukagona m'chitokosi. Iye ankadziwa. Koma makina ake osokera anali atachita dzimbiri chithawireni anthu ku zovala zotchipa, ndiye akanatani? Bwanayo anali atamutuma kuti akalibise kwawo, kunsi kwa bedi.

Ndikagwidwa, mwanayu akayamwa kwa yani? Funsoli silinkamuchoka m'mutu.

Njira inkadutsa pa shopu yakale yopanda chitseko. Ali pafupi, anamva kulira kwa makina osokera. Mumdima muja!

Anaima. Makina nawo anaima.

Pakhonde panali mdala... tepi yoyezera zovala m'khosi, choko pakhutu.

"Tula pansi, mwana wanga. Khosi limenelo si la bulu."

Anatula, n'kukokera mwana kutsogolo. Mdalayo sanayang'ane belo n'komwe. Anagwira mpendero wa kadiresi ka mwana n'kuutembenuza kuti aone msoko wamkati, monga amachitira matelala. Chala chake chinakhudza mkono wa Singano. Kuzizira kwake!

"Wasoka ndani?"

"Ndi... ndine, agogo."

"Manja osoka chonchi n'kumasenza zovula anzako? Kamwanaka kakukula, ufutukule apa." Analemba kamzere ka choko. "Mtolowo usiye pompano. Pamlatho pali alendo."

Singano anaweramira kamzere kaja. Podzutsa mutu... palibe munthu!

Analiyatsa liwiro, belo n'kulisiya pomwepo. Atangofika pamlatho, tochi ng'anii kumaso.

"Imani, mayi! Mwanyamula chiyani?" Anali wapolisi wamkazi, anzake ali kumbuyo ndi mabelo olanda.

"Mwana yekhayu, bwana."

"Ameneyo msonkho wake ndi phala," anaseka wapolisiyo, tochi ili pa kadiresi. "Aka mwagula kuti? Wanga ndi msinkhu womwewu."

"Ndasoka ndekha."

"Ndiye mundilozere kwanu, ndibwera ndi nsalu."

Kutacha, mbiri inamveka kuti bwana wa mabelo uja amugwira. Singano anafotokozera apongozi ake zonse. Apongoziwo anayang'anitsitsa kamzere ka choko, nakhala pansi.

"Wa tepi m'khosi? Wotembenuza chovala asanakupatse moni? Mwanawe, ameneyo ndiye anandisokera diresi la ukwati. Tinamuika m'manda iwe usanabadwe!"

Singano anamukumbatira mwana wake kwa nthawi yaitali. Kenako anavundukula makina, nadontheza mafuta, n'kuyamba kusomola ulusi potsata kamzere kaja.